Mlombwa wa Kumutu kwa Bambo

Akamadzalemba mbiri ya anthu amene anayenda maulendo akuluakulu m'dziko muno, dzina langa adzaliike pamwamba, m'zilembo zonenepa, chifukwa sindikudziwa munthu wina amene anakwera phiri la Zomba, kulitsika, n'kulizungulira, atakumbatira bambo ake pamsana pa lole ya makala. Kukanakhala kwina bwenzi pano pali msewu wa dzina langa, ngakhale wafumbi. Koma poti ndinakulira m'tchalitchi, ndinene zoona: anatuma ine chifukwa pakhomo pathu ndine ndekha amene nditasowa masiku angapo palibe ofesi imene ingazindikire. Ndipo amene ndinawakumbatirawo sanali bambo enieni. Unali mwala wolembedwa dzina lawo.

Ku Chikanda amanditcha a Pulofesa. Ndinalowa koleji ya pafupi ndi kwathuyi, ndinakhalamo zaka ziwiri, kenaka akuluakulu a kumeneko atayang'ana mayeso anga anaona kuti ndi bwino ndikapitirize maphunziro kunyumba. Ophunzira amati kuwididwa, kuzulidwa ngati udzu m'munda. Kuyambira pamenepo ndimatchaja mafoni a anthu pakhonde, n'kumapereka maganizo aulere pa nkhani za dziko.

Bambo anamwalira ine ndili sitandade wani. Kuno anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, cha ku Chingale, komwe makolo awo anatulira mitolo pochokera ku Mozambiki. Mkamwini akafa amam'bweza kwawo ngati khasu lobwereka, ndiye anawatengera komweko. Ana sitinapite. Za simenti panalibe, choncho adzukulu, aja okumba manda, anadula nthambi yaikulu ya mlombwa n'kuizika kumutu kuti pazidziwika. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mlombwa umadzuka kutulo, ndipo nthambi yozikidwa nyengo imeneyo imagwira. Inagwiradi. Zaka zoyambirira amayi ankapitako, n'kumabwera ndi lipoti ngati achokera kokaona mwana ku sukulu yogonera komweko: watalika, wanenepa, chaka chino wachita maluwa. Kenaka miyendo inayamba kukana, thiransipoti inakwera, maulendo anatha.

Chaka chatha sitiroko inawagwetsa kubafa n'kuwalanda mbali ya kumanzere. Pakamwa pokha inawasiyira. Kuyambira pamenepo nyimbo inali imodzi: "Ine ndikupita. Nanga ndikakawapeza bambo anu alibe chiliza, ngati munthu wofera m'njira, ndikayankha chiyani?" Achemwali anga a Esinati, amene ndi kalaliki ku ofesi ina ya boma, anamanga lamba chaka chathunthu, n'kugula mwala wakuda wonyezimira wozokotedwa dzina la bambo, ndi matumba awiri a simenti. Amayi anakana kuti upite mu Ogasiti. Mu Seputembala anakananso.

"Mudikire Okutobala. Mlombwa sufunsidwa dzina. Mitengo inzake ikadali mbulanda ndi dzuwa, wokha umavala chikasu, masamba usanatulutse, njuchi n'kumachokera kutali. Ukafika pamtsinje wa pamudzipo ungokweza maso. Pamene uone chikasu, pansi pakepo ndi bambo ako."

"Nanga pakapezeka milombwa iwiri?"

"Iwe, zaka ziwiri zija anakuphunzitsa kufunsa zopusa basi? Wawo ndi wamphanda, wopendekera kumtsinje."

Ndinagwedeza mutu ngati katswiri. Ine mlombwa ndinkaudziwa utagona: chitseko, tebulo la kwa abwana, bedi la anthu ochitira ukwati muholo. Woimirira ndinali ndisanauonepo.

Achemwali anagwirizana ndi Che Saidi a ku Songani, amene ali ndi lole yotopa yokatenga makala kuseri kwa phiri. Popita imapita yopanda kanthu, pobwera imabwera itasenza nkhalango. Zolipira zonse analipira achemwali. Ine anandipatsa mbatata yophika ndi malangizo ochuluka kuposa mbatatayo. Mwala tinaukuta m'makatoni ndi bulangete lakale, tinaukweza amuna anayi, aliyense akutchula dzina la mayi ake.

"A Pulofesa," anatero Che Saidi akupuma, "bambo anuwa anali onenepa?"

"Anali owonda ngati ine."

"Ndiye anenepera kumanda."

Tinanyamuka m'mamawa, n'kuyenda ulendo wonse wochokera ku Chikanda kukafika pamalo omwetsera mafuta a m'tauni, pomwe tinaima mpaka dzuwa linafika paliwombo. Dizilo anali m'njira. Dizilo m'dziko muno amakhala m'njira nthawi zonse. Ndi mlendo wolemekezeka amene aliyense wamva kuti wanyamuka koma palibe amene anamuona akufika. Pamzerepo madalaivala anali atayala bawo pansi pa basi. Wina anali atachapa malaya n'kuyanika pagalasi. Mbatata yanga ya masiku onse a ulendo inathera pomwepo, nyumba yathu ikuonekera chapatali.

Pamzere pomwepo ndi pamene anakwera a Nachisale, mayi wa geni ya matemba, ndi madengu awiri, akupita ku msika wa kuseri komweko. Anayang'ana uku ndi uku, anaona chinthu chosalala chokutidwa bulangete, n'kukhalapo. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaganiza za kutalika kwa njira. Ndinatseka.

"Mpando wabwino," anatero. "Wozizirira bwino."

"Ndi wochokera kunja, mayi."

Dizilo atafika, Che Saidi anamwetsa, analiza injini, n'kukhotera kuphiri.

"Che Saidi, ku Chingale si uku!"

"Kwanu ndikukudziwa kuposa inu. Tikatule kaye ufa kwa ocheka matabwa pamwambapa, titengeko zigwagwa za munthu wa ku Songani. Ndi pafupi."

Dalaivala akati pafupi, amatanthauza kuti malowo ali m'dziko lomwe lino.

Msewu wokwera phiri umapindika ngati njoka yomenyedwa. Lole inkakwera ikubuula, ikuphonyana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake, ndi amuna otsitsa mitengo panjinga atakanikiza nsapato pateyala. Aliyense amene tinakumana naye anali akutsitsa phiri pang'onopang'ono kupita nalo kutauni. Okwera nacho kanthu tinali ife tokha, ndipo kanthuko kanali ufa wa anthu odula. Tili pakati pa chitunda chachikulu, nthunzi inatuluka kutsogolo, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Kenaka, mwaulemu wake wonse, lole inayamba kubwerera ku Zomba chambuyo.

"Mwala! A Pulofesa, mwala kuteyala! Buleki ya pamanja kulibe!"

Ndinadumpha. A Nachisale anali atadumpha kale, dengu limodzi kukhwapa. M'mbali mwa msewu munali timiyala togendera mbalame basi. Phiri lonse la miyala, koma pamalo pamenepo panalibe ndi umodzi womwe wanzeru. Che Saidi anali ataponda buleki ndi miyendo yonse iwiri, akutchula Mulungu m'zilankhulo zitatu, lole ikutsetsereka ndithu, ndipo kumbuyo kwake msewu unkakhota koma phompho silinkakhota. Amuna awiri a njinga za nkhuni anathamangira kudzathandiza. Tinayang'anizana. Tonse tinayang'ana bulangete.

Umo ndi mmene bambo anga, amene ali moyo sanapalasepo ngakhale njinga, anaimitsira lole yathunthu pachitunda cha Zomba. Teyala linawakwera pang'ono, linaganiza, n'kuima. Ngodya imodzi inabenthuka. Bulangete linavuka, dzina n'kuonekera padzuwa, ndi zaka zake zobadwa ndi zomwalira.

A Nachisale anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Mayo ine! Ndakhalira manda kuyambira m'mawa? Achimwene, inu ndinu munthu kapena chiyani?"

"Sanadandaule, mayi."

"Sanadandaule? Mesa ndi omwewa azimitsa galimotoyi! Mwini wake sakuufuna ulendowu, ndikukuuzani ine."

"Akanakhala kuti sakuufuna," anatero Che Saidi akutsika, "bwenzi pano tonse tikufunika mwala wathuwathu."

Tinadikira injini kuti mtima wake ukhale pansi. Ndinatsika ndi chigubu kukatunga madzi kukamtsinje, ndinakwera, Che Saidi anathira, madzi anatulukira pansi. Tinamata ndi sopo, ndinatsikanso. A Nachisale anasamukira pateyala lapadera kumapeto kwenikweni kwa lole, n'kumang'ung'udza nyimbo ya maliro, maso ali pabulangete. Ine ndinatola kachidutswa kobenthuka kaja, ndinakayesa pamalo pake, kanakana, ndinakaponya kuphompho. Ndinamvetsera. Sindinamve pamene kanagwera.

Pamwamba paja ndinali nditapitako komaliza ndili ku koleji, tikukadya mabulosi ndi kunamiza atsikana. Nthawi imeneyo paini ankatseka dzuwa masanasana. Tsopano zitunda anazimeta mpala ngati anamfedwa, pangotsala zitsa zakuda ndi moto wa chilimwe, ndi phulusa louluka lolowa m'mano. Che Saidi ali mkati mokangana ndi ocheka matabwa, ine ndinayenda mpaka kumphepete kumene phiri limathera mwadzidzidzi. Pansi penipeni panali chigwa, Shire akunyezimira m'nkhungu ya utsi. Kwawo kwa bambo kunali pansi pa nsapato zanga. Ndikanalavula, malovu akanakafika tsiku lomwelo. Ndinasakasaka chikasu ndi maso, chitunda ndi chitunda. Ndinaona utsi wa mauvuni a makala ukukwera apa ndi apo, wowongoka bwino ngati mizati ya nyumba imene denga lake linapita. Ndinadziuza kuti n'kutali, maso a munthu wosamaliza sukulu sangaone duwa pamtunda wotere.

Tinatsika ndi zigwagwa, zija zotsala pocheka matabwa, ine nditakhalira bambo kuti asatsetsereke. Pa Songani mwini zigwagwa anali atapita kumaliro, mkazi wake sankadziwa kanthu, ndipo Che Saidi sankatsitsa katundu kwa munthu wosadziwa kanthu. Tinadikira pansi pa khonde la golosale. A Nachisale anatsegula dengu n'kuyamba kugulitsa pomwepo, akuuza aliyense wogula kuti wapulumuka lero kwa munthu wakufa ndi mwana wake wopanda ulemu, uyo wakhala apoyo. Matemba anayenda bwino. Dzuwa likupendeka achemwali anaimba.

"Mwafika?"

"Tafika pa Songani."

"Songani? Kuyambira m'mawa muja? Bwenzi nditausenza pamutu ine, pano nditabwerako. Mwala uli bwino?"

"Wagwira ntchito bwino kwambiri."

"Ntchito yanji?"

Netiweki ya pa Songani ndi yabwino, koma tsiku limenelo inaduka.

Tsiku loyamba la ulendo wanga waukulu linathera pamenepo, pamtunda umene paminibasi ndi nyimbo zitatu kuchokera m'tauni. Ndinagona pa lole, mwala ngati pilo.

M'mawa mwake, mwini zigwagwa atabwera n'kulandira katundu wake, tinalowera kumpoto, poti njira yachidule yodzera kumwera mlatho wake unapita ndi madzi ndipo ukadali m'njira ngati dizilo. Domasi tinam'dutsa bwino. Pa Malosa tinaima kuti a Nachisale akaone mwana wa mchemwali wawo, nkhani ya kamphindi, imene inatenga nthawi yokwanira kuphika nyemba. Patsogolo pake panali chipata cha apolisi. Wapolisi anazungulira lole, anagogoda teyala losalala ngati mutu wa dazi, anafunsa za buleki ya pamanja, kenaka anakwera kumbuyo n'kukweza bulangete. Anawerenga. Anavula chipewa.

"Pepani, akulu. Yendani bwino."

Titangochoka pachipatapo, Che Saidi anatulutsa mutu pawindo.

"A Pulofesa! Bambo anuwa sangamayende nane masiku onse? Tigwirizana!"

Pa Machinga tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolambalala kuseri kwa phiri. Kumeneko dzuwa la Okutobala silichita nthabwala. Teyala losalala lija linaphulika pamalo opanda nyumba, opanda mthunzi, ndipo lapadera, limene a Nachisale analikhalira mokhulupirika, linapezeka kuti linaphulika kale chaka china. Che Saidi anakwera kabaza ndi teyala pamiyendo kukamatitsa. Tinatsala awiri, titabisala pansi pa lole ngati nkhuku. Njinga za makala zinkadutsa motsatizana, matumba atatuatatu, okankha ake akuda mpaka m'zikope, osapereka ndi moni womwe kuopa kutaya mpweya.

A Nachisale anali atandikhululukira pang'ono, poti matemba anayenda. Anandifunsa chimene ndikukachita, ndinawauza za mtengo.

"Mlombwa? Ii, ine ndinakulira konkuno. Mukuona chitunda icho?" Analoza chitunda cha miyala yokhayokha, chofiira ngati chilonda. "Monsemo munali mdima. Mombo, misuku, naphini. Nthawi ngati ino mombo umatulutsa timasamba tofiira, phiri lonse ngati layaka, ndiye apo ndi apo mlombwa ndi chikasu chake. Umakonda m'miyala momwemo, motentha. Pamwamba pozizira paja sufikako. Moto ukadutsa, ina kupsa, iwo uli chiimire. Tili atsikana tinkabaya khungwa, umatuluka magazi enieni, ofiira, n'kumapaka pa zipere. Zipatso zake ngati timbale, pakati pali minga, tinkagendana nazo."

"Pano ulipo?"

"Kutchire? Mufunse a Saidi anuwo, ndi amene anaukweza." Anapukuta thukuta ndi chitenje. "Koma wanuwo muupeza. Kumanda sadula. Taonani nokha."

Ndinaona. Chigwa chonse chinali mbee, koma apo ndi apo panali kagulu ka mitengo yakale, kobiriwira, kothinana ngati anthu ozizidwa. Kagulu kalikonse kanali manda. M'dera lonselo okhala pamthunzi anali akufa okha. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba paulendowu ndinayamba kukonza mawu oti ndikanene poika mwala. Anali mawu abwino. Munali ndi Chingerezi pang'ono.

Che Saidi anabwera dzuwa litapendeka. A Nachisale anatsika pamsika wawo, anandipatsa matemba odzaza dzanja kuti ndikapatse kumudzi, koma potsazika anatsazika bulangete, osati ine. Pamtsinje wa kwawo kwa bambo, umene unali mchenga wokhawokha, Che Saidi ndi amuna ena anatsitsa mwala ndi simenti.

"Mawa ndikadzaza ndidutsa pomwe pano. Ndikaliza hutala kawiri musanatuluke, mubwera wapansi."

Fumbi la lole litatha, ndinachita monga anandiuzira amayi. Ndinaimirira pamtsinje, ndinakweza maso. Kunali kumwamba. Ndinawoloka, ndinakwezanso. Ndinaganiza kuti mwina chaka chino wachedwa kuchita maluwa, poti m'dziko muno chilichonse chimachedwa. Ndinaganizanso kuti mwina si mtsinje wake.

Ndinabwereka wilibala, ndinafunsa kwa azakhali a Firida, mlongo wawo wa bambo, yekhayo wotsala m'mimba mwawo. Ndinawapeza pabwalo akumenya nandolo, ana atatu akutola zogwa.

"Odi kuno!"

"Alowe. Ndani?"

"Ndine mwana wa malemu a Lusiyano, wa ku Chikanda."

Anandiyang'ana kuyambira kuphazi. "Mphuno ndi yomweyo. Wabwera kudzatani? Wamva kuti tafa?"

Ndinavundukula bulangete. Anasiya ndodo, anayandikira, anasisita zilembo ndi chala, anasisitanso pobenthuka paja. Anatuma mwana kukanditungira madzi, anadikira mpaka nditamwa.

"Mwachedwa."

"Amayi anati tidikire mtengo uchite maluwa."

"Mtengo unapita ku Zomba. Mwina wakhalirapo kale kwinakwake."

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti nthabwala ndi za kumtundu. Iwo sanaseke.

"Chaka chija madzi anakokolola minda, kuno tinadya mango owiritsa mpaka mango anatha. Ana awa ndi amasiye, mayi awo anapita. Kunabwera anthu a macheka, akufuna milombwa, ndipo kutchire kunalibe. Mudzi unakhala pansi. Tinakangana, tinalira, tinagwirizana kuti akufa atithandize. Tinakapepesa, tinapemphera. Aliyense anapereka mtengo wa m'bale wake. Wa bambo ako ndinapereka ndine, usasake wina." Anatolanso ndodo yawo. "Mchimwene wanga anatidyetsa mpaka kukolola. Ali moyo, ndi sopo yemwe sanandigulirepo."

"Chitsa chilipo?"

"Zitsa anadzakumba a makala chaka chotsatira. Amenewo sanapemphe."

Kumanda salowa munthu yekha. Anaitanitsa mkulu wa adzukulu, a Biziwiki, amene ndinkayembekeza kuti akhala nkhalamba, koma anali msinkhu wanga, atavala jezi ya mpira. Anatsogola, azakhali pambuyo, ine pamapeto ndi wilibala ikulira ngati nayonso yaferedwa. Pofika anaomba m'manja katatu n'kupempha kulowa, ngakhale panalibe cholowamo. Panali poyera ngati bwalo la mpira. Ziliza zingapo za simenti za mabanja opata zinaima padzuwa. Kwinako mitumbira, itasowa mthunzi ndi mizu, mvula inaisalaza, moti sunkadziwa pamene wathera uyu ndi pamene wayambira mnzake. Pakatipakati panali maenje a zitsa, ambiri, ena atakwiririka kale. Mbuzi ziwiri zinatiyang'ana osasuntha.

Azakhali anayenda molimba mtima mpaka pakati. Anaima. Anabwerera m'mbuyo, analowera mbali ina. Kenaka ndinawaona akukweza mutu, akuyang'ana kumwamba, akutembenuka pang'onopang'ono ngati munthu wofuna mvula.

"Ndinkachokera uku... ndikadutsa msuku, ndiye ndikaona mphanda ija..." Dzanja lawo linali m'mwamba, likuloza popanda kanthu. Linatsika. "Mwana wanga, ine pansi sindinkayang'anapo. Tonse tinkayang'ana m'mwamba."

"A Biziwiki, inu?"

"Ine nthawi imeneyo ndinali kamwana ngati inu nomwe, a ku Zomba. Amene anakumba onse ali momwemuno." Anakanda m'mutu. "Ingoikani penapake. Onse ali muno ndi pachibale. Amene mum'phimbeyo sakana."

"Usayerekeze," anatero azakhali. "Chakuno kuli a Namalata, anamwalira asakulankhulana ndi bambo ako nkhani ya mbuzi. Ukawasenzetsa dzina limenelo mudzi uno sitigona. Uko kuli ana. Uko sindikudziwa."

Ndinayenda dzenje ndi dzenje. Ndinagwada, ndinakanda dothi ndi manja kufuna muzu, poganiza kuti ndikaupeza wotuluka magazi ndidziwa. Ndinapeza umodzi, wouma. A Biziwiki anati milombwa inalipo isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mawu anga okonzakonza aja, ndi Chingerezi chake chomwe, sindikudziwa kumene analowera.

Netiweki pamudzipo imapezeka pachulu cha m'mphepete mwa manda. Ndinakwera, ndinagula bandulo pafoni, ndinaimba ya kanema. Achemwali anayankha, anafuna kuyamba za Songani, koma ataona nkhope yanga anangoti dikira. Chithunzi chinagwedezeka, ndinaona denga lathu, khoma, kenaka amayi atatsamira pilo, atavala duku la kutchalitchi. Anali atavala kuyambira dzulo lake.

"Wafika? Tandionetsa."

Ndinatembenuza foni, ndinawaonetsa mitumbira.

"Pansipo ndionapo chiyani ine? Kweza m'mwamba."

Ndinakweza. Kumwamba kunali koyera ndi utsi, kopanda ndi mbalame yomwe.

"Tembenuka."

Ndinatembenuka pachulupo, dzanja lili m'mwamba, pang'onopang'ono, mpaka ndinafika pamene ndinayambira. M'foni munkamveka Chikanda: wailesi ya aneba, mwana akulira, wina akuitanira mandasi. Kenaka anamveka amayi.

"Basi, tsitsa dzanja. Utopa."

Azakhali anali atakwera chulu ndi manja ndi mawondo. Analanda foni, anaigwira pafupi kwambiri moti kunkaoneka mphumi yokha.

"Alamu, ndine Firida. Ndinagulitsa ndine. Inali njala."

Amayi anayankha ndi funso.

"Munadya?"

"Tinadya."

"Ana anapulumuka?"

"Onse atatu."

"Chabwino, alamu. Mpatseni mwanayo."

Ndinalandira. Diso la amayi la kumanja, lokhalo limene limamvera, linali louma.

"Simenti uwasiyire azakhali ako, akonzere pakhonde. Mwala ubwere nawo."

"Amayi!" anatero achemwali chapambali. "Chaka chonse chija ine..."

"Kuseri kwake n'kosalemba. Mudzalembeko ine. Koma mudzaike dothi likadali lonyowa. Musadzandizikire mtengo."

Bandulo inathera pomwepo.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Hutala inalira kamodzi ine ndili kale pamtsinje. Mwala unakwera pamwamba pa matumba a makala, ine pamwamba pa mwala, ndipo lole, itakhuta, sinavute ngakhale pamodzi. Pano mwala uli m'chipinda cha amayi, wotsamira khoma, dzina la bambo kukhoma, mbali yosalembayo kubedi. Ndi mmene anafunira. M'mawa achemwali akamasesa amaulambalala osauyang'ana.

Achemwali akayamba kudandaula zimene zinalowa paulendowu ine ndimatulukira kukhonde, chifukwa ndilibe mbali. Lole analipira okha, mwala okha, wilibala inali yobwereka. M'thumba mwanga, ulendo wonse waukuluwo, munatuluka K800 basi, ya bandulo yoonetsera amayi kumwamba kopanda kanthu.